Mafunde Odumpha Malire: Mbiri ya Mapangano a Okonda Wayilesi, Kuchokera ku Paris Kufika ku Luwawa

Luwawa ili pamwamba pa mapiri a Viphya, kumwera chakum'mawa kwa boma la Mzimba, pamalo okwera mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Ambiri amaidziwa chifukwa cha nkhalango ya paini, damu lake ndi chisanu cha mwezi wa June. Koma munthu wodziwa za wayilesi akafika kumeneko, chimene amayamba kuona ndi msinkhu wa malowo. Kum'mawa, nyanja ya Malawi ili pansi ndi mamita oposa 1,000. Kumadzulo, dziko limatsetsereka pang'onopang'ono kudutsa chigwa cha South Rukuru mpaka kukalowa m'Zambia. Eriyo yoimikidwa pamalo otere imafika kutali.

Kale mapiri amenewa anali chopinga pa nkhani ya mauthenga. Waya wa telegalafu wa kampani ya Cecil Rhodes, ya African Transcontinental Telegraph, umene unakokedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, unatsata gombe la nyanja kudzera ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga, n'kulisiya kumtunda dziko la Angoni a M'mbelwa. Pamene Donald Fraser ankakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, kalata inkayenda ndi miyendo ya munthu. Patapita zaka zoposa 100, ku Embangweni komweko kunaima maeriyo olankhula ndi Japan, Ulaya ndi America. Kuti zimenezi zitheke panafunika misonkhano, mikangano ndi mapangano a zaka makumimakumi pakati pa mabungwe a anthu okonda wayilesi a m'maiko osiyanasiyana, makamaka pa mafunde apamwamba, amene safuna munthu wochita zayekha.

Anthu amenewa si aulutsi ngati a MBC kapena a Mzimba Community Radio. Saika nyimbo, salengeza malonda, salandira malipiro. Amatenga laisensi ku boma, amapatsidwa dzina la pamphepo, ndipo amalankhulana okhaokha pofuna kuphunzira ndi kuyesa zatsopano. Padziko lonse amatchedwa maham. Kuno kwathu maina awo a pamphepo amayamba ndi 7Q, ndipo laisensi imachokera ku MACRA, bungwe limene linabadwa ndi lamulo la zamauthenga la 1998.

Malo amene akuluakulu anawakana

Wayilesi itangoyamba kumene, aliyense wokhala ndi waya ndi mabatire ankatumiza uthenga mmene wafunira, mpaka mauthenga a sitima zapamadzi ankasokonezeka. Mu 1912, chaka chimene sitima ya Titanic inamira, dziko la America linakhazikitsa lamulo lokankhira anthu wamba ku mafunde a mamita 200 kapena kucheperapo, poganiza kuti mafunde aafupi otere sangapite patali. Anaphonya. Mu November 1923, Léon Deloy wa mumzinda wa Nice ku France analankhulana ndi Fred Schnell wa ku Connecticut ku America pa mafunde a mamita pafupifupi 110, uthenga ukupita ndi kubwera kuwoloka nyanja ya Atlantic. Maboma ndi makampani ataona zimenezi anayamba kusirira malo amene anawataya aja.

Maham anazindikira kuti akapanda kulankhula ndi pakamwa pamodzi alandidwa zonse. Pa 18 April 1925 nthumwi zawo zinakumana ku Paris n'kukhazikitsa International Amateur Radio Union, mwachidule IARU, ndipo mtsogoleri woyamba anali Hiram Percy Maxim wa ku America. Chaka chomwecho anzawo a ku South Africa anayambitsa bungwe limene lero ndi South African Radio League. Pa msonkhano wa maboma ku Washington mu 1927, maham anapatsidwa magawo awoawo a mafunde, olembedwa m'pangano la maiko.

Mafunde amene Deloy ndi Schnell anagwiritsa ntchito amakwera kumwamba, n'kukagunda mpweya wodzaza ndi magetsi wotchedwa ionosphere, n'kubwerera pansi kutali kwambiri. Ndi mafunde a mtundu umenewu amene agogo athu ankamverera wayilesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950. Koma kupitirira 30 MHz, pa mafunde apamwamba, khalidwe limasintha. Mafunde a VHF, kuyambira 30 mpaka 300 MHz, ndi a UHF, kuyambira 300 mpaka 3,000 MHz, nthawi zambiri amaboola mpweya uja n'kupitirira, ndipo pansi pano amayenda molunjika. Ndi banja limodzi ndi FM imene timamvera m'nyumba komanso ma ovaova a apolisi ndi alonda a nkhalango. Eriyo ya mamita 10 pamalo athyathyathya imafika makilomita pafupifupi 13. Ikakwera mamita 1,000 pamwamba pa dziko loizungulira imafika makilomita ngati 130.

Pa mafunde aafupi munthu akhoza kungoitana usiku, wina kutsidya kwa nyanja n'kumuyankha mwamwayi. Pa mafunde apamwamba mwayi wotere ndi wochepa. Maeriyo ake amaponya mawu mbali imodzi, choncho anthu awiri ayenera kukhala pa nambala imodzi, pa ola limodzi, ataloza maeriyo kwa wina ndi mnzake. Ngakhale kaimikidwe ka eriyo n'kofunika kupangana: wina akaigoneka pamene mnzake waiimiritsa, mphamvu ya mawu ikhoza kuchepa ka 100. N'chifukwa chake mbiri ya mafunde amenewa ili yodzaza ndi makomiti.

Dziko ligawidwa patatu

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, bungwe la maboma loona za mauthenga la ITU linakumana ku Atlantic City mu 1947 n'kugawa dziko m'zigawo zitatu. Chigawo choyamba chinatenga Ulaya, Africa, Middle East ndi Soviet Union. Chachiwiri chinatenga maiko a ku America, chachitatu n'kutenga Asia yotsala ndi Australia. Nyasaland, imene inalibe mpando wakewake pa msonkhanowo, inapezeka m'chigawo chimodzi ndi London ndi Moscow.

Kugawaku sikunakomere onse mofanana. Maham a ku America anapatsidwa 144 mpaka 148 MHz, komanso 50 mpaka 54 MHz. A chigawo choyamba anapatsidwa 144 mpaka 146 MHz basi, ndipo ku Ulaya malo a 50 MHz anaperekedwa kwa wayilesi ya kanema. Mabungwe a ku Ulaya anaona kuti likulu la IARU, limene linali m'manja mwa bungwe la ku America la ARRL, lili kutali ndi mavuto awo. Mu May 1950 anakumana ku Paris n'kukhazikitsa nthambi yawo, IARU Region 1, imene inachita msonkhano wake waukulu ku Lausanne mu 1953. M'zaka zomwezo munabadwa komiti ya mafunde apamwamba, imene lero imadziwika kuti C5.

Kayendetsedwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. Bungwe la dziko lililonse limasankha munthu woyang'anira za VHF. Amene ali ndi ganizo amalilemba papepala, limazungulira m'mabungwe onse, ndipo pa msonkhano waukulu wa pa zaka 3 zilizonse amaliponyera voti, bungwe lililonse voti imodzi, kaya lili ndi mamembala 50 kapena 30,000. Zimene agwirizana zimalowa m'buku lotchedwa VHF Handbook. Boma limangoika malire a gawo, kuti liyambire apa lithere apo. Za m'kati mwake maham amagawana okha, ndipo palibe wapolisi woti agwire wophwanya pangano.

Gawo la 144 mpaka 146 MHz, lotchedwa la mamita 2, likuonetsa bwino ntchito yake. Chakumunsi kwake n'kwa Morse ndi mawu ofooka kwambiri ochokera kutali. Pa 144.300 amakumanapo olankhula pa SSB, maeriyo atagoneka. Kuyambira 144.400 mpaka 144.490 n'kwa mabikoni, timakina tongotchula dzina lake usana ndi usiku kuti omvera adziwe ngati njira yatseguka, ndipo palibe woyenera kulankhulapo. Pa 145.500 ndi poitanirana pa FM, maeriyo ataimirira. Pamwamba pake pali maripita, makina oikidwa paphiri olandira mawu pa nambala ina n'kuwaponya pa ina, ziwirizo zitatalikirana ndi 600 kHz. Kuyambira 145.800 mpaka 146.000 n'kwa masetilaiti, ndipo oyenda m'mlengalenga a pa International Space Station amamveka pa 145.800 akamacheza ndi ana asukulu. Munthu wa ku Oslo ndi wa ku Mzimba akatsatira ndandanda imeneyi, akhoza kupezana osatumizirana kalata.

Njira ya pakati pa Salisbury ndi Cyprus

M'nthawi ya atsamunda maina a pamphepo a ku Nyasaland ankayamba ndi ZD6, a ku Northern Rhodesia ndi VQ2, a ku Southern Rhodesia ndi ZE, a ku Mozambique ndi CR7. Eni ake ambiri anali azungu: ogwira ntchito m'boma, a m'maesiteti ndi amishoni. Pa nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, nkhani za mapositi ndi matelefoni zinkalamulidwa kuchokera ku Salisbury. Mumzinda womwewo ndi mmene munachokera ntchito imene inachititsa kuti dera lathu lino lidziwike kwa maham a padziko lonse.

Mu 1947 maham a ku Mexico ndi ku Argentina anadabwa kuona kuti akumvana madzulo pa 50 MHz, pa mtunda umene mabuku ankati n'zosatheka. Zaka 10 pambuyo pake, mu 1957 ndi 1958, asayansi a maiko ambiri anachita kafukufuku wa pamodzi wa International Geophysical Year, dzuwa lili pa ukali umene unali usanalembedwepo. Ray Cracknell wa ku Salisbury, wa dzina la pamphepo ZE2JV, anapangana ndi Roland Whiting wa pa chilumba cha Cyprus kuti azimverana pa maola oikika, usiku ndi usiku, akulemba m'kaundula nthawi imene mawu ayamba kumveka, mphamvu yake ndi nthawi imene azilala. Pakati pawo panali makilomita pafupifupi 5,800. Zimene anapeza Cracknell anazifalitsa m'magazini ya QST ya December 1959.

Chimachitika n'chakuti dziko lili ndi ikweta ya maginito, imene mu Africa muno ili madigiri ngati 10 kumpoto kwa ikweta ya pamapu. Masana mpweya wamagetsi uja umakankhidwira m'mwamba pa mzere umenewu, kenako umatsikira mbali zonse ziwiri n'kupanga malamba awiri okhuthala, lina kumpoto lina kumwera. Funde lochokera kumwera limagunda lamba lakumwera, limapindika, limadumphira ku lakumpoto osakhudza nthaka, n'kutsikira ku nyanja ya Mediterranean. Dzuwa likalowa, mumpweyamo mumatseguka timipata totsata mizere ya maginito, ndipo m'menemo mumadutsa ngakhale mafunde apamwamba koposa, mawu ake akumveka monjenjemera. Nthawi yake yabwino ndi cha m'ma 8 koloko usiku, m'miyezi ya March ndi April, komanso September ndi October. Lamulo lake ndi limodzi: masiteshoni awiriwo atalikirane ndi ikweta ya maginito mofanana, wina uku wina uko. Chilengedwe chinaika Zimbabwe, Zambia ndi Malawi moyang'anizana ndi Cyprus, Greece ndi maiko oyandikana nawo.

Panali vuto la malamulo. Maham ambiri a ku Ulaya sankaloledwa kutumiza mawu pa 50 MHz chifukwa cha kanema. Anapangana zoti a kumwera azilankhula pa 50 MHz, a kumpoto azimvera pamenepo koma aziyankha pa 28 MHz. Dzuwa litayambanso kulusa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Cracknell ndi Whiting anakweza ntchito, ndipo mu April 1978 analankhulana pa 144 MHz. Anzawo a ku Athens ndi ku Pretoria analowa nawo m'gululi, anaika mabikoni, ndipo mu 1979 chizindikiro cha pa 432 MHz chochokera ku Salisbury chinamveka ku Athens. Mafunde onsewa ankadutsa m'mwamba mwa Zambia, kumadzulo kwa Mzimba. Mu 1980 Cracknell ndi Whiting analemba m'magazini ya Radio Communication ya ku Britain zonse zimene anaona pa zaka 21.

Ufulu utabwera mu 1964, ZD6 inasanduka 7Q ndipo VQ2 inasanduka 9J. Pambuyo pake Mozambique inatenga C9, Zimbabwe n'kutenga Z2. Kwa zaka zingapo mndandanda wa mabikoni a padziko lonse unali ndi dzina la 7Q7SIX pa 50.003 MHz. Ham wa ku Italy kapena ku Greece akalimva, ankadziwa kuti njira ya ku Malawi yatseguka.

Zilembo ziwiri, manambala awiri

Pa mipikisano ya VHF, monga wa 145 MHz umene umachitika kumapeto a sabata yoyamba ya September, mapointi amawerengedwa ndi makilomita. Choncho aliyense ayenera kunena pamene ali, mwachidule komanso mosasokoneza, ngakhale mawu akumveka movutikira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 maham a ku Germany anapeka njira ya zilembo ndi manambala yotchedwa QRA, imene komiti ya chigawo choyamba inaivomereza. Njirayi inapangidwira Ulaya. Kunja kwa Ulaya zilembo zake zinkangobwerezedwa, kotero kuti malo a mu Africa ankatha kufanana dzina ndi malo ena akutali. Pamene Salisbury inayamba kulankhula ndi Cyprus pa mamita 2, kupereweraku kunaonekera poyera.

Mu April 1980 oyang'anira za VHF anakumana m'tauni ya Maidenhead ku England n'kusankha njira imene John Morris wa ku Britain anakonza, yofanana ndi imene Folke Rosvall wa ku Sweden anali ataganiza payekha. Inayamba kugwira ntchito m'chigawo choyamba mu January 1985, ndipo inatenga dzina la tauniyo. Dziko lonse linadulidwa m'magawo 324, lililonse madigiri 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, lotchulidwa ndi zilembo ziwiri. Gawo lililonse linadulidwanso m'mabokosi 100 otchulidwa ndi manambala awiri. Wofuna kuloza bwinobwino amawonjezera zilembo zina ziwiri.

Mbali yaikulu ya Malawi ili m'gawo la KH, kupatula kumpoto kwenikweni, ku Karonga ndi ku Chitipa, kumene kuli mu KI. Blantyre ndi KH74, Lilongwe ndi KH66. Mzere wa madigiri 12 kumwera kwa ikweta umadutsa pakati pa boma la Mzimba ndi Luwawa, kotero kuti Mzimba ili mu KH68 pamene Luwawa ili mu KH67. Gombe lakumwera la Cyprus ndi KM64. Chilembo K ndi nambala 6 zikufanana chifukwa Luwawa ndi gombe limeneli zili pa mzere umodzi wochokera kumwera kupita kumpoto, makilomita oposa 5,000 pakati pawo.

Bokosi la KH67 ndi lalikulu makilomita oposa 200 kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, ndi 111 kuchokera kumpoto kupita kumwera. M'kati mwake muli Luwawa, Embangweni ndi Jenda, mulinso Lundazi wa ku Zambia, amene m'mlengalenga sali patali makilomita 70 kuchokera ku Luwawa. Anthu a mbali zonse ziwiri amayankhula Chitumbuka, amakwatirana, amagulitsana chimanga ndi nyemba. Koma laisensi ya mbali ino imachokera ku MACRA, ya mbali inayo ku ZICTA ku Lusaka.

Ndime 5.169

M'buku la malamulo a wayilesi la ITU muli ndime ya m'munsi ya nambala 5.169. Imanena kuti ku Botswana, Eswatini, Lesotho, Malawi, Namibia, Rwanda, South Africa, Zambia ndi Zimbabwe, gawo lonse la 50 mpaka 54 MHz ndi la maham, ndipo iwo ndiwo oyamba pamenepo. Ufulu umenewu kumwera kwa Africa kunali nawo kwa zaka makumi ambiri pamene a ku Ulaya ankaupempha. Ku Malawi kunalibe ndi kanema woti n'kulimbirana naye malowo mpaka TVM itatsegulidwa mu 1999. Ku Britain anadikira kuti kanema wakale azimitsidwe mu January 1985, ndipo gawolo linatsegulidwa kwa maham mu 1986. Maiko ena anatsatira mmodzimmodzi, aliyense ndi malire ake.

Nkhaniyi inafika pa msonkhano waukulu wa ITU wa 2019 ku Sharm el-Sheikh ku Egypt. Pa misonkhano yotere IARU imaloledwa kukhalapo ndi kulankhula, koma osankha ndi maboma okha. Choncho ntchito yeniyeni imachitika zaka zingapo msonkhano usanafike: bungwe la maham la dziko lililonse limakagogoda kwa oyang'anira mafunde a kwawo, awa amakatula nkhaniyo ku gulu la chigawo chawo, ndipo magulu a zigawo ndiwo amakakumana pa msonkhano. Kuno njirayo imadzera ku CRASA, bungwe la oyang'anira zamauthenga a maiko a SADC, kenako ku African Telecommunications Union ku Nairobi. Zotsatira za 2019 zinali zakuti maiko ambiri a chigawo choyamba anapatsidwa 50 mpaka 52 MHz, koma maham ali achiwiri, oyenera kupatukira ena. Maiko ena a mu Africa, monga Kenya ndi Tanzania, anapatsidwa gawo lonse ngati ife. Ndime 5.169 inatsala chilili.

Chaka chomwecho chinaonetsa kuti gawo la mafunde silikhala la munthu mpaka muyaya. Dziko la France linapereka ganizo loti 144 mpaka 146 MHz aunikidwe ngati angagwiritsidwenso ntchito ndi ndege. Mabungwe a maham anakaonana ndi maboma awo, ndipo pa msonkhano wa maiko a ku Ulaya ku Ankara mu August 2019 gawolo linachotsedwa m'ganizolo. Likanadutsa, likanakhudza chigawo choyamba chonse, Malawi yomwe. Mu 2023 ku Dubai mkangano unali pa 1240 mpaka 1300 MHz, pamene maham amakhala limodzi ndi masetilaiti olozera njira a Galileo, ndipo anagwirizana njira zoti maham asawasokoneze. M'mikangano yonseyi funso la maboma limakhala limodzi: kodi malowa alipo akuwagwiritsa ntchito?

Alendo ku Embangweni

Ngakhale Africa inali m'chigawo choyamba kuyambira pachiyambi, panapita zaka 61 kuti msonkhano waukulu wa IARU Region 1 uchitikire mu Africa. Unachitikira ku Sun City ku South Africa mu August 2011. Mabungwe a maiko otizungulira, monga Radio Society of Zambia, Zimbabwe Amateur Radio Society ndi Liga dos Radio Emissores de Moçambique, ndi aang'ono powayerekeza ndi a ku Germany kapena ku Britain, ndipo ulendo wa ku msonkhano ndi wodula. Mapangano ambiri amene timatsatira analembedwa poganizira Ulaya, kumene vuto ndi kuthithikana. Kuno vuto ndi kusowa woyankha.

Kuchepa kwa maham kunachititsa kuti 7Q ikhale dzina losowa, limene anthu a kunja amalisakasaka kuti alilembe m'kaundula wawo. N'chimene chimakoka magulu a alendo obwera ndi zida zawo kwa sabata ziwiri kapena zitatu. Mu 2015 gulu la ku Ulaya la 7Q7EME linaimika maeriyo m'mbali mwa nyanja n'kumaponya mafunde ku mwezi, kuti agunde kumeneko n'kubwerera kwa anzawo a m'maiko ena, ulendo wa masekondi awiri ndi theka. Mu November 2020 gulu la ku Russia la 7Q7RU linagwira ntchito kuchokera ku Embangweni. Pa chipatala cha mishoni cha Embangweni, cha sinodi ya Livingstonia ya CCAP, panakhazikitsidwanso siteshoni ya kalabu ya 7Q7EMH, ndipo achinyamata a m'deralo anayamba kuphunzira ntchitoyi.

Zida nazo zapepuka. Mu 2017 Joe Taylor, wasayansi amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993, pamodzi ndi Steve Franke, anatulutsa njira ya pakompyuta ya FT8, imene imatola uthenga wofooka woti khutu silingamve. Masiteshoni amasinthana masekondi 15 aliyense, ndipo pa gawo la 50 MHz onse amakumana pa 50.313 MHz. Uthenga woitanira umanyamula dzina la pamphepo ndi bokosi la Maidenhead basi. Dzuwa litafikanso pa ukali wake cha mu 2024, KH67 inkaoneka pa makompyuta a ku Ulaya madzulo, kudzera m'njira yomwe ija ya Cracknell ndi Whiting.

Kumwamba kwenikweni kwa mafunde kunatseguka khomo lina. Setilaiti ya dziko la Qatar ya Es'hail-2, imene inaponyedwa pa 15 November 2018, inanyamula makina a maham otchedwa QO-100, amene bungwe la maham la ku Qatar linakonza mogwirizana ndi AMSAT-DL ya ku Germany. Anatsegulidwa mu February 2019. Setilaitiyi imaoneka yoima malo amodzi, pa madigiri 25.9 kum'mawa, ndipo imaona dziko kuyambira ku Brazil mpaka ku Thailand. Munthu amatumiza mawu pa 2,400 MHz n'kumvera pa 10,489 MHz ndi dishi yonga ya kanema. Kuchokera ku Luwawa ili pamwamba madigiri oposa 70, kotero kuti phiri kapena mtengo wa paini suitchinga. Nayonso imayenda ndi pangano: FM siloledwa pa gawo la mawu, ndipo palibe woyenera kukweza mphamvu kuposa bikoni ya setilaitiyo, chifukwa mmodzi akachita dyera onse amazilala.

Amene amatsala

Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma amatinso mlendo ndi mame. Magulu obwera amalankhula ndi anthu zikwizikwi, amapasula maeriyo, n'kukwera ndege. Zimene zakhalitsa m'mbiri imeneyi zinapangidwa ndi anthu okhazikika: awiri aja amene anafufuza limodzi kwa zaka 21, ndi makomiti amene akhala akukumana kuyambira m'ma 1950.

Chodabwitsa n'chakuti lero n'kosavuta kuti munthu wa ku Embangweni amveke ku Athens kusiyana ndi kupeza womuyankha pa mamita 2 ku Lundazi. Mapangano a kutali anatha kale kulembedwa ndi ena. A pafupi akudikira eni dera. Ripita ya pa 145 MHz itaikidwa pamwamba pa Viphya ikhoza kumveka m'midzi yambiri ya kumwera kwa Mzimba mpaka kutsidya kwa malire, ndipo ingathandize pamene netiweki ya foni yagwa, kaya ndi mvula yamkuntho kaya ndi moto wolusa umene umavuta m'nkhalangoyi m'miyezi ya September ndi October. Koma isanaime payenera kukhala chilolezo cha MACRA ndi cha dipatimenti ya zankhalango, kumvana ndi maham a ku Zambia pa manambala awiri oti asagundane ndi ripita ina, ndi munthu wodziwika woti azikwera phiri kukapukuta masola ndi kuona mabatire.

Msonkhano wotsatira wa ITU udzachitika mu 2027, ndipo nthumwi za Malawi zidzapita ndi mfundo zimene zidzakhale zitakambidwa kale ku CRASA ndi ku Nairobi. Kuti m'mfundozo mudzakhale mawu oteteza 50 MHz, 144 MHz ndi magawo ena apamwamba, maham a ku Malawi ayenera kufika ku MACRA nthawi ikadalipo, ali gulu limodzi, atanyamula makaundula oonetsa masiku, maola ndi maina a masiteshoni amene alankhula nawo.